Wophika Wosaoneka pa Chithunzi

Bambo amene ndinakhala nawo zaka khumi ndi zinayi ku Duduza, ku Joni, anali ndi mkazi kumudzi. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba, choncho musandimvere chisoni ngati munthu wonamizidwa. Tinakumana mu 2008, m'holo imene anatisungamo ife obwera atatithamangitsa ku Dukathole. Ine ndinathawa ndi kachikwama ka zovala, iwo anathawa atasenza mutu wa makina osokera. Anandiuza kuti ku Mchinji kuli mkazi ndi ana atatu, ine ndinati ndamva. M'nyengo yozizira ija, ukapeza wokugawira bulangeti sunkafunsa zambiri.

Lamulo linali limodzi: akumudzi asadziwe. Foni ya kumudzi ikalira, ine ndinkakhala chete ngati mpando.

Anali telala. Anapeza kakhonde pafupi ndi renki ya matekisi ku Springs, ndipo ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kumanja kwawo kunali mayi wokazinga magwinya, mandasi a ku Joni, kumanzere bambo wootcha nyama. Mimba inakula pang'onopang'ono, ndipo tonse tinkaikonda. Akatumiza chithunzi kumudzi, anthu ankati Joni yawayanja. Inenso ndinkanyada, ndisaname, poti mwamuna akanenepa amene amatamandidwa ndi wophika.

Tsiku lina anachita chizungulire ali pa makina. Kukiliniki anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, shuga wakwera, mafuta achuluka m'magazi, ndipo zonsezi zimayendera limodzi ndi mimba ija. Anawapatsa mapilisi ndi pepala la malangizo. Pepalalo anadulirapo pateni ya kolala.

Mwana wawo woyamba ndi namwino ku Lilongwe, anaphunzira ndi ndalama za makina omwewo. Atamva za matendawo ananena kuti aziwayang'anira yekha kudzera pa foni. Mbale iliyonse aziijambula asanadye n'kumutumizira. Aziyenda theka la ola tsiku lililonse. Lamlungu akaweruka kutchalitchi aziimbirana foni yoonana nkhope, amuuze muyeso wa mimba ndi zimene kamakina koyezera magazi kanena. Theka la mbale likhale masamba, papa, nsima ya ku Joni, akhale wofanana ndi chibakera, nyama isapose chikhatho, mchere wongonunkhiritsa.

Mwanayo ankaganiza kuti bambo ake amadziphikira, bambo amene sankadziwa ngakhale kumene timasunga machesi. Ndiye Lamlungu lililonse ine ndinkaima kuseri kwa chitseko ndi pensulo, n'kumalemba malangizowo kumbuyo kwa kalendala. Ndinaphunzira kuphika nyemba popanda mafuta, kusenda khungu la nkhuku, kusakasaka ufa wa mgaiwa m'mashopu a anthu akwathu. Tisanajambule mbale ndinkachotsa yanga patebulo, kapu yanga, ndi kansalu koluka kamene kakanaulula kuti m'nyumbamo muli mkazi.

Lamlungu lina ndinamva mwanayo akuti, "Ababa, koma masambawa mumadula bwino. Munaphunzira kuti?"

"Uchona umaphunzitsa, mwanawe," anatero bambowo, osachita n'komwe manyazi.

Ndinapsa mtima, koma ndinakondwanso. Chinali chiyamikiro choyamba chimene ndinalandira kuchokera kubanja lawo, ngakhale chinadutsa pakhomo lina.

Miyezi inayi inatha, magazi osatsika, shuga osatsika. Mwanayo sankamvetsa, koma ine ndinkadziwa chifukwa chake. Mbale za pa chithunzi zinali zoona, ndipo ankazimaliza. Koma ku renki kunalibe wojambula. Magwinya anayi m'mawa, nyama yamafuta masana, botolo la zotsekemera pambali pa makina. Zoyenda zija, ankakhota pakona n'kukakhala kwa mnzawo pa bawo, theka la ola likakwana n'kubwerera akupukuta chipumi chouma. Za muyeso wa mimba musanene. Telala sungamuphunzitse kunama ndi tepi: ankaikweza pamwamba pa mchombo, n'kukoka mpweya. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali mapilisi. Ena ankawakodzetsa pafupipafupi, chimbudzi cha ku renki chili patali, ndiye anangowasiya mwakachetechete.

Ndinayesa kulankhula nawo. "Bambo, muuzeni mwanayu zoona. Mwina akhoza kukupezerani mankhwala ena."

"Inu mwakhala dokotala liti? Zanu ndi mapoto."

Mwanayo poona kuti palibe chikusintha, ankangochepetsa chakudya cha pa mbale. Anachotsa papa wamadzulo, anachotsa buledi, anachotsa shuga yense mu tiyi. Ine ndinkamvera, mbale n'kumachepa, ndipo bambowo ankachoka panyumba ndi njala imene ankakaithetsera kwa mayi wa magwinya. Lamlungu lina mwanayo analira. "Ababa, ndikulakwitsa pati? Odwala anga kuno akuchira, inu bambo anga ndikulephera." Ine ndinali kuseri kwa chitseko, yankho lonse lili m'kamwa. Ndinadzida tsiku limenelo.

Kenako m'mawa wina kapu inawapulumuka. Ndinawayang'ana, ndinaona mlomo wapendekera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Pasanathe ola zinabwerera m'malo mwake. Kupita kuchipatala anakana, anati anangogonera dzanja. Anandiloza chala n'kunena kuti zimenezi zithere m'nyumba muno. Lamlungu anauza mwana wawo kuti ali bwino kwambiri, akumva kupepuka.

Ndinadziwa bwino lomwe chimene ndinkaika pamoto. Ukwati wathu unalibe ankhoswe, unalibe pepala, unalibe mwana. Unaima pa kukhala chete kwanga basi. Koma ndinali nditaonapo anthu akwathu akubwerera kumudzi m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ndipo sindinafune kudzaimba nawo nyimbo pa ulendo wotero ndikudziwa kuti ndinali ndi pakamwa. Lolemba akusamba ndinakopera nambala ya mwanayo mufoni yawo. Lachiwiri ndinaimba ndili kuntchito, m'kachipinda kosungiramo matsache ku maofesi amene ndimakolopa.

"Pepani, simukundidziwa," ndinatero. "Ndine amene ndimaphikira bambo anu."

Mwanayo anafunsa, "Kuyambira liti?"

"Inu muli ku sekondale."

Ndinadikira kutukwanidwa, ndipo ndikanakulandira. Koma ndinangomva akukoka mpando. "Ndiuzeni zonse, amayi. Yambani ndi mankhwala."

Ndinamuuza za mapilisi, za magwinya, za bawo, za tepi. Nditafika pa mlomo uja anandidula, nati ndidikire. Anawaimbira bambo ake pomwepo, ndipo sindikudziwa anawauza chiyani, koma tsiku lomwelo bambowo anatseka kakhonde kaja n'kupita kuchipatala. Anawagoneka masiku atatu, n'kuwasinthira mankhwala.

Atatuluka sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pabedi, nsapato zili kuphazi, n'kunena kuti, "Mwandivula pamaso pa mwana wanga."

"Ndakuvulani muli moyo," ndinawayankha.

Patatha mwezi mwanayo anabwera pa basi. Anali wamfupi kuposa mmene mawu ake ankamvekera. Anandipatsa moni mwaulemu, manja awiri, ndipo anadya chakudya changa osasiya. Kenako anandipempha kuti tikambirane panja. Anati munthu wonama sangayang'aniridwe pa foni, amafunika maso. Anati ku renki kuja kudzawapha, ndipo kumudzi kuli dimba, kuli njinga, kulibe magwinya pakhomo. Ndinafuna kunena kuti maso ndili nawo, ndi omwewa awapulumutsa. Koma zaka zonsezi bambowo sanandimverepo ngakhale kamodzi pa nkhani ya thupi lawo, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Ndinawachapira zovala, ndinasita, ndinalongedza. Ndinaphika nkhuku yopanda khungu ndi mbatata zowiritsa za pa ulendo. Iwo ankangoyendayenda m'nyumba akutsegula madirowa, osatenga kanthu. Anandiuza kuti akapezako bwino adzabwera, ine ndinati chabwino. Ndi bodza lokhalo limene ndinawathandiza ndi mtima wonse.

Pokwerera basi mwanayo anandikokera pambali. "Amayi, ndikupemphani chinthu chovuta. Musamaimbe. Mayi anga nawonso magazi amawavuta, ndipo sakudziwa chilichonse."

"Ndamva," ndinatero. "Koma muzingondiuzako kuti ali moyo."

Anavomera ndi mutu, ndipo wasunga mawu ake. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse foni yanga imalira kamodzi. Ndi uthenga waufupi: muyeso wa magazi, muyeso wa shuga, nthawi zina mawu awiri kapena atatu, akuti akupalasa njinga, akuti lamba aboolanso. Iwo eni sanaimbepo, ndipo sindikudziwa ngati anawaletsa kapena sanandikhululukire.

Manambalawo akutsika bwino mwezi ndi mwezi. Ndimawawerenga nditakhala pabedi ndisanapite kuntchito, ndipo ndimayesetsa kukondwa.