Nsomba za Bambo a Kuseri

Bambo a nyumba ya kuseri kwathu, abale inu, safunsa munthu! Amayenda ndi sikuludiraiva m'thumba la shati ngati bolopeni, ndipo chinthu chikawonongeka amangoti, "Ndi kawaya chabe aka." Wailesi yawo anaikonza mpaka inasiyiratu kulankhula.

Ndiye Loweruka anakagula TV ya pulazima. M'sitolomo anasankha yomwe inkaonetsa nsomba zokongola zikusambira. Atafika nayo anaitana mdadada wonse kudzaona, ife thithithi pabalaza. Analumikiza okha mawaya, thukuta kamukamu, kenako n'kuyatsa. Eee! Mchenga wokhawokha pagalasi, phokoso lili shiii!

"Nsomba zanga zili kuti? Andisinthira akuba aja!"

Mwana wawo wamkazi anati, "Adadi, ija inali filimu ya m'sitolo. Apa pakufunika eriyo."

"Iwe khala chete! Unagulapo TV?"

Anaigwedeza, anaiwomba mbama, mpaka anasuzumira kumbuyo kwake ngati nsombazo zabisala kumeneko. Anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi.

Akazi a bambowo anati, "Khalani pansi, musapite. Munabwera kudzaonera, ndiye aonereni bambowa. Awa ndiye safuna eriyo."