Amabuledi pa njinga ya mkamwini wawo

Ntchito yanga ndi yolondera pachipata cha nkhalango ya kuphiri. Ndimatsegulira magalimoto, ndimatseka, ndimakhala pansi. Loweruka kumabwera achinyamata a njinga zamatayala onenepa. Amakwera phiri n'kutsikira m'tinjira ta pakati pa mitengo, akukuwa.

Mayi amene tinkawatcha Amabuledi ndinawadziwa kalekale. Ankabweretsa buledi kukantini yoyandikana ndi chipata, pa njinga yakuda yolemera, bokosi atalimanga pakaliyala ndi mphira. Mabuleki a njinga imeneyo anali aulesi. Kuti iime ankafinya ndi zala zonse mpaka mitsempha kutuluka, phazi lina likukwekwereza pansi. Anakalamba akufinya choncho.

Kenako eni bekale anagula galimoto, ntchito inatha. Mwana wawo wamkazi, namwino, anawatenga kukakhala kwake. Njinga yakuda ija anaipereka kwa ogula zitsulo tsiku limene mayi ake anapita kukayezetsa magazi, n'kuwaikira mpando wofewa pakhonde. Izi anandiuza ndi Amabuledi eni ake, m'mawa umene anatulukira pachipata akukankha njinga yofiira ya mkamwini wawo.

"Mwadzuka, alonda? Akuti ndipume. Ndapuma mpaka matako achita dzanzi."

"Eni njinga akudziwa?"

"Adziwa akadzuka. Mwana wanga anati ndikadzangokhudza njinga, basi, pageti sindidzatulukanso ndekha. Ndiye ndabwera kudzaikhudza bwinobwino."

Anali atavala buluku la mkamwiniyo mkati mwa siketi, chipewa cholimba pamwamba pa mpango. Anainyamula njinga ija ndi dzanja limodzi.

"Taonani, kupepuka ngati nkhuku yodwala. Kaliyala palibe. Ndiye munthu amanyamula chiyani?"

"Amadzinyamula yekha," ndinatero.

Anakanikiza mahandulo. Foloko yogwira tayala lakutsogolo inalowa pansi n'kubwerera, poti ili ndi masipuling'i mkati. Anakanikiza chishalo. Kumbuyo sikunagwedere, chitsulo chokhachokha.

"Okonzawo anatopera panjira?"

Anakwera, ulendo.

Kanjira kam'munsi kamaoneka konse munthu akakhala pachipata. Pokwera anali atagwera mu giya yopepuka, miyendo ikuzungulira ngati makina osokera, njinga ikuyenda ngati nkhono. Potsika anakhala pachishalo msana uli chilili, monga ankakhalira ali ndi katundu. Tayala lakutsogolo linkameza mizu ya mitengo mwaulemu. Lakumbuyo linkaipereka yonse kwa iwo. Anafika pachipata maso ali psuu, akuseka.

"Njinga iyi ndi yachinyengo, alonda. Kutsogolo imakunyengerera, kumbuyo imakumenya. Mano anga onse apatsana moni. Koma imagwira nthaka! Pamchenga paja ndimati ndapita, iyo ayi."

"Ana aja amatsika chiimirire," ndinatero.

"Kuimirira pa njinga? Buledi angagw..." Anacheukira kumbuyo, kumene kunalibe kanthu. Kenako anatembenuza njinga n'kukweranso, ulendo uno mpaka pamwamba pa thanthwe.

Anatsika ataimirira pamapedulo, siketi ikuuluka, mawondo akulandira zimene chishalo chinkawapatsa poyamba. Liwiro linachuluka. Pakona ya pafupi ndi kamtsinje anachita zimene dzanja lawo linaphunzira moyo wonse: anafinya mabuleki ndi zala zonse. Mabuleki a njinga zimenezi amamva chala chimodzi. Tayala lakutsogolo linaima nji, lakumbuyo linadzuka, Amabuledi anadutsa pamwamba pa mahandulo.

Ndinathamanga monga mawondo anga amalolera. Ndinawapeza atakhala m'masamba, chibwano chitang'ambika pang'ono, chigongono chitasupuka.

"Musandigwire," anatero. "Onani njinga ya eni ake."

Inali bwinobwino. Tinatsika nayo wapansi. Pachipata panali pataima galimoto yoyera, namwino ali kunja, mwamuna wake ali mkati.

"Amayi! Taonani magazi! Sindinanene ine?"

"Unanena. Umanena zambiri."

"Mukufuna kufera m'tchire? Anthu adzati chiyani, namwino wathunthu kulephera kusunga mayi ake?"

"Kusunga amasunga mbale, iwe. Njinga siinandigwetse. Landigwetsa ndi dzanja ili, likuganiza kuti likadali pa njinga yanga ija unagulitsa. Ndiliphunzitsa."

Mkamwini anatuluka m'galimoto, maso ali pa njinga yake, pakamwa pali pa apongozi ake. "Amayi, pepani, mabulekiwo amafuna chala chimodzi chokha. Komanso thupi mumalikankhira kumbu..."

"Ukuwaphunzitsa?" anakuwa mkazi wake. Munthuyo anabwerera m'galimoto.

Namwino anagwira mahandulo ndi manja onse. Mawu ake anatsika. "Amayi, mafupa a msinkhu wanu ndimawaona tsiku lililonse. Akathyoka chiuno ambiri sadzukanso. Ndilibe amayi ena."

Amabuledi anapukuta chibwano ndi nsonga ya mpango.

"Pampando pako paja ndiye ndadzuka? Ndikudziwa nthawi imene galu wa aneba amayasamula. Chotsa manja."

"Alonda, auzeni! Musadzawalolenso kulowa muno."

"Chipata ichi ndi cha magalimoto, mayi," ndinatero. "Njinga zimadutsa pambali."

Anandiyang'ana ngati ndamubera. Mayi ake sanakoke njinga, sanakweze mawu. Anangoika phazi papedulo n'kudikira. Manja a namwino anamasuka okha.

Amabuledi anakweranso mpaka pathanthwe. Namwino anapinda manja pachifuwa, milomo ikuyenda. Amabuledi atayamba kutsika, mkamwini anatulutsa mutu pawindo. Pakona ya kamtsinje njinga inachepetsa liwiro, inagwedera, tayala lakumbuyo linaterereka pang'ono, phazi linatuluka kufuna nthaka koma linabwerera papedulo. Anadutsa.

Pachipata sanaime. Anatidutsa chala chimodzi chili pabuleki, zina zitafumbata mahandulo, magazi atauma pachibwano.

"Tionana Loweruka, alonda!"

Analowa mumsewu wopita kunyumba, pakatikati penipeni. Namwino analowa m'galimoto n'kumenyetsa chitseko. Msewuwo ndi wopapatiza, malo opitirira palibe. Galimoto yoyera inatsata njinga yofiira pambuyo, pang'onopang'ono, mpaka zonse zinabisika kuseri kwa mitengo.