Thumba limene ba Anastasia anasunga

Ba Anastasia Ngulube a ku Chinyunyu anabereka ana asanu ndi anayi, ndipo womaliza anawasiyira vuto lochititsa manyazi. Akatsokomola kapena kusenza ndowa, mkodzo unkangotuluka wokha.

Tsiku lina mu 1994 anapita kukacheza kwa mulamu wawo ba Mwaka, amene anali atangogula masofa. Ba Mwaka anayala thumba la feteleza pampando, alendo onse akuona, nati, "Khalani apa mulamu, nsalu ya sofa imavuta kuchapa." Ba Anastasia anakhala. Pochoka analipinda thumbalo n'kupita nalo kwawo.

Ku chipatala cha Mpanshya nesi anawauza kuti opaleshoni ilipo ku Lusaka, koma mpofunika kuti minofu ya kumusi ikhale yolimba. Anawaphunzitsa kufinya ngati munthu wogwira mkodzo, kuwerenga mpaka teni, kenako n'kumasula. Miyezi isanu ndi umodzi ba Anastasia ankafinya potonola chimanga, m'minibasi, ngakhale pa Misa, ndipo nthawi zonse m'maso mwawo munali nkhope ya ba Mwaka. Opaleshoni inatheka, mkodzo unaleka.

Patapita zaka zinayi, ba Mwaka anatulukira atamanga zitenje ziwiri, nkhope ili pansi. "Mulamu, nanenso zandiyamba. Munachita bwanji inu?"

Ba Anastasia analowa kuchipinda n'kutuluka ndi thumba lija. Analiyala pakampando ka thabwa, koti ngakhale kanyowe palibe kanthu, nalisalaza bwinobwino.

"Khalani apa mulamu, ndikuuzani zonse. Koma ndiyambe ndaitana aneba."