Mizere imene mwana anafufuta

Ntchito ya pa kompyuta ija inandigwera ine chifukwa pa kagulu kathu ka alimi a mpunga ndinali ndekha wosapita kumunda. Mwana anali wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo msana wanga unali usanalimbe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Mayi mlangizi, amene anachokera ku Ntcheu, anati zimenezo n'zokwanira, bola zilembo ndikuzidziwa.

Kompyutayo inkakhala m'kachipinda ka m'nyumba yosungiramo mbewu, konkuno ku Lifuwu. Inalibe mausi, inalibe zithunzi. Sikirini yakuda bii, zilembo zoyera, ndi kachizindikiro kophethira ngati kakundidikira. Ankati yotereyi siidya moto, ndipo ife tinali ndi sola imodzi ndi batire lotopa. M'menemo munali mndandanda wa madzi: munda uti utsegule ngalande tsiku liti. Mzere umodzi, munda umodzi.

Mayi mlangizi anandiphunzitsa masiku awiri. Ukadina i, pulogalamuyo imalandira zimene ukulemba. Ukadina Esc, imasiya kulemba, ndipo chilembo chilichonse chimasanduka lamulo. Potuluka umadina madontho awiri, w, q, kenako Enter, ndiye kuti wasunga ndi kutseka. Ananenanso zina zambiri, mofulumira, ine n'kumangoti eya, eya. Sindinamve, koma kufunsa kunkandilemera pakamwa. Zitatu zokhazo ndinazilemba pa katoni ya sopo.

Bambo wina wachikulire, Msilamu wa kofia yoyera, anapempha kuti tsiku lake la madzi lichoke pa Lachisanu, chifukwa ankasiya ngalande yotsegula n'kuthamangira kumzikiti. Komiti inavomera, koma kusuntha munthu mmodzi kunasuntha anthu ambiri. Lolemba m'mawa apampando anakhala pambali panga n'kumandiwerengera masiku atsopano kuchokera m'kope lawo. Titamaliza anapinda kopelo, kuliika m'thumba, n'kunyamuka ulendo wa kumaliro ku Chitala, kumene akanagonako masiku.

Ndinali ndisanasunge. Ndinadina Esc, ndipo nthawi yomweyo chitenje chinagwa pansi. Ndinawerama kuti nditole, mwana ali pamiyendo. Ndinangomva pha, pha, pha. Podzuka ndinapeza kachikhatho kake kali pa d, kakumenyabe, iye akuseka. Mizere isanu ndi iwiri ya minda ya kumunsi kunalibe. Wa bambo aja unali pakati pa yosowayo.

Zala zanga zinathamangira kumene zinazolowera. Madontho awiri ndinadina, w ndinadina. Kenako ndinachotsa manja msangamsanga. Ndikasunga, ndisunga chowonongekacho. Ndikazimitsa, ntchito yonse ya m'mawa ipita, ndipo kope lili panjira ya ku Chitala. Mpunga unali utangowokeredwa kumene. Munda wophonya tsiku lake ukanadikira sabata yathunthu padzuwa lino.

Ndinaimirira. Ndinakhala. Ndinapita pakhomo, mitambo inali itaphimba dzuwa. Ndinabwerera, kanyale ka batire kanali katasiya kubiriwira. Ndinayamwitsa mwana choimirira, akukana, ine ndikumukakamiza. Ndinatembenuza katoni ya sopo ija kawiri, ngati kumbuyo kwake kungamere mawu ena.

Mayi mlangizi anali kumsonkhano kuboma. Ndinaimba, foni itangolira kamodzi ndinadula. Ndikawauza chiyani? Ndinaimbanso, ndinadulanso. Kachitatu chimodzimodzi. Iwo anaganiza kuti ndikuflasha, ndipo anaimba okha.

"Amake mwana, mayunitsi atha kapena foni mwapatsa mbuzi?"

"Ayi, mayi. Pepani. Mizere yasowa."

"Yasowa bwanji? Mwadina chiyani?"

"Si ine. Ndi mwanayu."

Anaseka mpaka ndinamva wina akuwaletsa. "Ndiye talemba ntchito anthu awiri. Mwasunga?"

"Ndalemba madontho ndi w. Enter sindinadine."

"Musamukhudze Enter ameneyo, ndi mdani wanu lero. Dinani Esc. Tsopano u, kamodzi kokha."

Ndinadina. Mzere umodzi unatulukira pamalo pake, wathunthu.

"Wabwera umodzi."

"Dinaninso. Muziwerenga. Ikakwana muime, mukapitirira muyamba kubweza ntchito yanu yomwe. Izi ndinakuuzani tsiku loyamba, inu n'kumati eya."

"Sindinamve, mayi."

"Nanga osanena? Ine ndimaluma?"

Foni ndinaipanikiza paphewa. Ndinkadina u ndi chala chimodzi, dzanja lina litagwira timanja ta mwana tonse tiwiri. Itatu. Inayi. Pa wachisanu ndi chimodzi ndinaona munda wa bambo aja. Itakwana isanu ndi iwiri ndinawerenganso kuyambira pamwamba, chala chili pagalasi, kenako ndinasunga n'kutseka. Batire linazima ndisanamalize kubereka mwana.

Ndikukhoma chitseko, bambo aja anafika, matope mpaka m'maondo.

"Mwana wanga, makina ako akuti bwanji? Andichotsa pa Ijumaa?"

"Lachinayi, bambo. M'mawa."

"Alhamdulillahi. Nanga bwanji ukunjenjemera? Malungo?"

"Ayi, ndi njala chabe."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kupita.

Kunyumba ndinawonjezera u pa katoni ija. Pansi pake ndinasiya malo. Mayi mlangizi atabwera Lachitatu, ndinawaikira katoniyo patebulo pamodzi ndi cholembera, ndipo ndinawapempha kuti anenenso zonse zija pang'onopang'ono. Mawu anatuluka otsika kwambiri, moti anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Mwana uja pano amayenda, ndipo ndikamalemba amakhala kumbuyo, womangidwa zolimba. Komabe kachizindikiro kaja kakamaphethira, miyendo yanga siikhazikika pansi pa tebulo. Ndikalemba mizere itatu ndimasunga. Ndikalemba ina iwiri ndimasunganso.