Mpira Umene Ndinam'mana Mahadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, kaputeni wa timu ya sukulu yathu ku Nambuma, pamene ndinachita chinthu chimene chimandichititsabe manyazi.

M'timu yathu munali Mahadi, mwana wa bambo wina wa ku Somalia amene anali ndi golosale pamsika. Anali wowonda ngati bango, koma akautenga mpira kutsogolo panalibe womugwira. Tsiku limenelo tinkasewera ndime yomaliza ndi anyamata a ku Nsaru, ndipo kunabwera mphunzitsi wa mpira wodzasankha osewera a timu ya boma lonse. Tonse tinkadziwa kuti wadzera Mahadi.

Kunamveka mphekesera yoti a ku Nsaru akwirira mankhwala pagolo. Ife tinkakhulupirira kuti mankhwala otere amasukuluka ndi mafuta a nkhumba, choncho goloboyi wathu anabwera nawo m'kachitini. Tinabisala kuseri kwa kalasi n'kumadzola m'miyendo, fungo lili guu. Kachitini katafika pa Mahadi, iye anabweza manja kumbuyo.

"Ine ndine Msilamu, Chikondi. Ukudziwa," anandiuza motsitsa mawu.

"Ukapanda kudzola watigulitsa," ndinatero.

"Ungondipatsa mpira, ndikagoletsa."

Ndinapsa mtima. Ndinalamula anzanga kuti wina asayerekeze kum'patsira mpira, chifukwa mwendo wosadzola uwononga zonse. Anandimvera.

Dzuwa linali likuswa mtengo, fumbi likulowa m'mano. Mahadi ankathamanga uku ndi uku, ife tikumulambalala ngati chitsa. Titapuma n'kubwereranso, a ku Nsaru anagoletsa chimodzi, ndipo ng'oma zawo zinalira mpaka m'mimba mwanga. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, ndinapyola anthu awiri kumbali. Nditadzutsa mutu ndinamuona Mahadi ali yekhayekha pamaso pa golo, dzanja lili m'mwamba, akukuwa dzina langa. Ndinamuona bwinobwino, sindinganame. Ndinamenya ndekha, mpira n'kukagwera m'munda wa fodya.

Wezulo yomaliza italira, Mahadi sananditukwane. Anavula jezi, kuipinda bwinobwino, n'kundipatsa m'manja. Mphunzitsi uja anachoka osalemba dzina la aliyense wa ife. Chaka chisanathe banja la Mahadi linasamuka, ndipo sindinapepese.

Zake ndinkangozimvera kwa anthu: kuti wayamba kusewera m'timu ina ku Kenya, kenako kuti dziko la makolo ake, Somalia, lamuitana. Chaka chatha ndinamuonera pafoni ndili pasiteji ya minibasi ku Namitete, atavala jezi ya dziko lake. Anaima pamalo ngati omwe aja, dzanja m'mwamba. Mnzake anam'patsira, iye n'kugoletsa. Sanathamangire kwa ochemerera ayi. Anathamangira amene anam'patsira mpirayo n'kumukumbatira.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti tsiku lija tinagonja ndi mankhwala a ku Nsaru. Lero ndikudziwa kuti pagolo paja panalibe chokwiriridwa chilichonse. Panali mnzanga akundiitana, ndipo ine ndinamumva.