Mbale ya Mpongozi Wanga

Foni inalira ndili m'chipinda chochapira, kunyumba yosamaliramo okalamba ku Bolton kumene ndimagwira ntchito, ndikupinda nsalu zoyala pabedi. Anali mwana wanga wamwamuna, uja amakhala ku Leeds.

"Amayi, mwakhala agogo. Wamkazi."

Ine ine! Nsalu ndinaponya uko, dzanja pakamwa, nthungululu n'kuyamba kukwera. Mnzanga wa ku Zambia amene timachapa naye anatembenuka mapazi atayamba kale kuvina, asanamve n'komwe kuti tikuvinira chiyani.

"Amayi, tadikirani kaye. Wabadwa masiku asanakwane. Amuika m'kabokosi kagalasi. Akupuma ndi makina."

Nthungululu ija inaduka pakati. Theka linatuluka, theka linatsalira pakhosi. Ndinatola nsalu ija pansi, ndinaipinda bwinobwino, ndinapinda ina, ndinapindanso ina. Mnzanga anafunsa kuti, "Nanga amai, ni chani?" Ndinati, "Mdzukulu." Ndinangolekera pomwepo.

Anthu amandidziwa ine ngati mayi woimba. Potsuka mbale ndimaimba, podikira basi ndimaimba, ngakhale zokagula kusitolo ndimaziika m'nyimbo kuti ndisaiwale. Koma tsiku limenelo m'sitima ya ku Leeds ndinangokhala duu, chikwama pamiyendo, kuyang'ana nyumba za njerwa zogwiranagwirana zikuthawira kumbuyo. Sindinalire. Sindinapemphere. M'kati mwangamu munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina, sumva.

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayu, ndi wa ku Indonesia. Mtsikana wofatsa, wolankhula motsitsa, ntchito yake yosamalira odwala. Ukwati utatha, mwana wanga anandiikira m'foni maphunziro a chinenero cha kwao, olankhula osati olemba, kuti tsiku lina ndidzathe kupereka moni kwa asebele anga, mayi ake a mtsikanayo, amene ali kutali kwaoko. M'fonimo mumalankhula mayi wina wa mawu ozizira, osathamanga. Saya makan. Dia makan. Mereka makan. Ine ndikudya, iye akudya, iwo akudya. Poyamba ndinayesa kuti foni yawonongeka, ikungobwereza liwu limodzi.

Kwathu liwu limavala malinga ndi munthu wake. Ndadya, wadya, tadya, mwadya. Ukangoti "wadya" kwa munthu wamkulu, wadzitolera mlandu. Koma kwa anzathuwa makan ndi makan basi. Mfumu makan, khanda makan, galu makan. Chimene chimasintha ndi munthu amene waima kutsogolo, liwu la kudya lili chiimire. Kumwa n'chimodzimodzi, minum. Kugona, tidur. Kubwerera kunyumba, pulang. Dzulo, lero, mawa, liwu silitekeseka.

Tsiku lina, mimba isanaoneke, ndinamufunsa mpongozi wanga m'Chingerezi changa chothyokathyoka, mwana wanga akuthandizira.

"Apongozi, nanga ulemu mumauika pati, liwu likakhala losavala chonchi?"

Anaseka, dzanja pakamwa, nati ulemu uli pa mmene wamutchulira munthu. Wamkulu sumuti iwe, umamuti Ibu, ndiye kuti mayi. Ibu makan. Kuyambira pamenepo ankanditcha Ibu, ine ndikumuti apongozi, ndipo mawu ajawa ndinawapangira nyimbo pa chuni cha kolasi ya kutchalitchi. Saya makan, Ibu makan, dia makan, aleluya! Kuntchito ankaseka mpaka kugwira makoma.

Tsopano ku Leeds chuni chija chinachoka, panatsala mawu okha.

Mdzukulu ndinamuona kudzera pagalasi. Kanthu kochepa, kofiira, kachifuwa kakukwera ndi kutsika, timachubu m'mphuno. Anesi anati ndikhoza kulowetsa dzanja pakabowo. Ndinalowetsa. Kaphazi kake kanakwana pachala changa chachikulu. Ndinadikira kuti mtima uchite kanthu. Sunachite. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, dia tidur. Akugona. M'chinenero chimenechi zinali zosavuta kunena, chifukwa liwulo silinkandikakamiza kunena kuti wagona lero lokha kapena adzagonanso mawa.

Mpongozi wanga anamutulutsa m'chipatala, mwana n'kutsala komweko. Asebele anayesa kubwera, mapepala sanatuluke. Mwana wanga anabwerera kuntchito yake yonyamula katundu, kuchoka m'mamawa, kubwera atatopa ngati womenyedwa. Ndiye chikuta chinali changa. Mayi wobereka kumene amasamalidwa ndi mayi mnzake wamkulu, ndipo m'nyumba imene ija mayi wamkulu ndinali ine ndekha.

Ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinaphika phala la mpunga lothira nsinjiro. Ndinaphika nkhuku ya msuzi wambiri. Ndinakwera mabasi kukafuna chinangwa kusitolo ya anthu a ku Afrika, poti kwathu timati chimabweretsa mkaka. Ndikaphika, ndinkakwera masitepe, kugogoda, kulowa chowerama, kuika mbale pakatebulo ka pafupi ndi bedi, kenako kutuluka n'kutseka chitseko. Ndi mmene anandichitira apongozi anga, mayi awo a amuna anga, ndi mmene iwonso anachitiridwa. Mpongozi sadya apongozi ake akumuyang'ana m'kamwa. Umamupatsa malo kuti adye momasuka, anyambite zala ngati akufuna, wopanda manyazi. Umenewo ndiwo ulemu.

Ndikabweranso, mbale ili momwe ndinaisiyira. Mafuta a nkhuku ataundana pamwamba, sipuni ili youma.

M'maphunziro muja munali funso limene iwo amafunsana tsiku lililonse. Ndinalifunsa.

"Apongozi, sudah makan?" Ndiye kuti, mwadya kale?

"Belum, Ibu." Sindinadye.

Mawa lake, sudah makan? Belum, Ibu. Mkuja, belum, Ibu. Ankayankha atayang'ana kukhoma. Chingerezi chake chabwino chija chinali chitabisala, ankangotulutsa liwu limodzi kapena awiri. Kuchipatala ankamwa tiyi ndi kabisiketi, basi. Ine ndinkatenga mbale, kutsika nayo, kuikhuthulira m'kontena, kuika mufiriji. Firiji inadzaza makontena. Ndinkaganiza kuti mwina zophika zanga zimamununkhira, kapena akufuna mayi ake osati ine, kapena sakundifuna n'komwe m'nyumba mwake. Maganizo amenewa sanandipweteke. Ankangodutsa ngati magalimoto pamsewu.

Koma mkaka unayamba kuchepa. Mwanayo sankatha kuyamwa, choncho mayi ake ankakama ndi kamakina, ife n'kutengera m'timabotolo kuchipatala. Poyamba kabotolo kankafika pakati. Kenako pansi pokha. Kenako timadontho tonyowetsa chabe. Nesi wina wamtali, wa ku Nigeria, anandikokera pambali m'khonde.

"Mama, matumbo a mwanayu ndi anthete. Mkaka wa mayi ake ndiwo umamukhala bwino m'mimba kuposa china chilichonse. Kodi mayiyu akudya?"

Ndinati ndimaphika. Anati sanafunse zophika.

Madzulo ndinamuuza mwana wanga ali pakhomo, akuvula nsapato.

"Iwe, mkazi wako sakudya."

"Amayi, ndi nkhawa. Nanenso ndamuuza. Adya."

"Adya liti? Mwana atauma?"

Anandiyang'ana, maso ali psuu ndi tulo. "Nanga inuyo mwadya liti?"

Sindinkakumbukira n'komwe. Ndinkalawa mchere pophika, ndinkamwa madzi otentha. Njala inali itachoka limodzi ndi nyimbo.

Tsiku limene zinatembenuka silinali ndi chizindikiro. Kunja kunali kamvula kawo kaja kosatha. Tinabwera kuchokera kuchipatala masana, kabotolo kopanda kanthu m'chikwama. Ndinatenthetsa mpunga ndi nkhuku, ndinakwera masitepe, ndinagogoda, ndinaika mbale. Potembenuka kuti ndituluke, chipinda chinazungulira. Ndinagwira m'mphepete mwa bedi n'kukhala pomwepo, pabedi la mwana wanga ndi mkazi wake, malo amene kwathu mayi sakhalapo ngakhale zitavuta bwanji. Ndinayesa kudzuka. Miyendo inali ya munthu wina.

Mpongozi wanga anatembenuka kuchoka kukhoma. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako funso langa lija anandibwezera.

"Ibu sudah makan?"

Ndinati, "Belum."

Anatenga mbale ija ndi manja awiri, naiika pamiyendo panga. Anapukuta sipuni ndi m'mphepete mwa malaya ake, nandipatsa.

"Ibu makan."

"Ayi, apongozi, n'zanu izi. Inu makan."

Ndinakankhira mbale kwa iye. Anaibweza. Ndinakankhanso. Anaibwezanso, msuzi n'kutayikira pabulangete. Abale inu, akazi awiri anjala kukankhirana mpunga! Mphamvu zokana zinandithera. Mumtima ndinati, apongozi anga amene munagona kumanda, mundikhululukire. Ndinatapa sipuni imodzi, ndinaika m'kamwa, mpongozi wanga akundiyang'ana. Ndinatafuna. Sindinamve kukoma. Ndinameza.

Nditangomeza, iye anatambasula dzanja, natapa mpunga ndi zala, nadya. Natapanso. Nathyola ntchafu ya nkhuku. Ankadya mofulumira, misozi ikugwera m'mbale, osaipukuta. Ine ndikaleka, iye aleka. Ndikatapa, iye atapa. Ndiye sindinaleke. Mbale inayera. Ndinatsika pang'onopang'ono, ndinatulutsa kontena ina mufiriji, nayonso inayera.

Mwana wanga anatipeza tili pabedi pomwepo, mafupa ali pambale. Anaima pakhomo, kukamwa yasa. Analankhula ndi mkazi wake m'Chingerezi, motsitsa, nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kugwira mutu.

"Amayi, akuti kunyumba kumene anakulira, mwana sakhudza chakudya wamkulu wa m'nyumba asanayambe. Ankadikira inu. Ndiye inu mumangoika mbale n'kutuluka, n'kutseka chitseko. Iye ankati mwamukwiyira. Ankati mukuti mwanayu wabadwa msanga chifukwa cha iye, n'chifukwa chake simufuna kukhala naye pamodzi."

"Ine? Ine ndimamupatsa ulemu!"

"Nayenso amakupatsani ulemu."

"Nanga iwe, unakwatira bwanji osafunsa mmene anthu ake amadyera?"

"Amayi, ndikanafunsa bwanji? Tikakhala awiri timangodya."

"Kungodya! Chimene umadziwa n'chomwecho kuyambira uli mwana."

Mpongozi wanga sanamve Chichewacho, koma anaona nkhope ya mwamuna wake, naseka. Kanali koyamba chibadwire mwana.

Ndinakumbukira masiku amene ndinkabwera kudzacheza. Ankandiikira chakudya pabalaza ndekha, iwo n'kumadya pambuyo kukhitchini. Ine ndinkati mtsikanayu analeredwa, akudziwa kuti apongozi sadyera limodzi. Iye ankati wamkulu wayamba, tsopano tingadye. Tonse tinkakhutira, aliyense ndi chifukwa chake.

Kuyambira pamenepo mbale inkakhala imodzi, masipuni awiri. Ine ndiyambe, iye atsatire. Manyazi sanandichoke msanga, ndinkatafuna nditayang'ana pawindo. Iye anandiphunzitsa liwu lina loika kutsogolo, kita, ndiye kuti ine ndi inu pamodzi. Kita makan. Makan uja yemweyo, sanasinthe, ngakhale tsopano tinali awiri.

Mkaka sunabwere ngati mpopi. Unabwera pang'onopang'ono. Pansi pa kabotolo, kenako chala chimodzi, kenako pakati. Nesi wamtali uja anakakweza kuwala, nakayang'ana, nandiyang'ana ine, nangogwedeza mutu movomereza. Kachubu kamodzi kanachoka. Kenako kena. Ine mtima unali chikhalire ngati mwendo wadzanzi uja, koma nthawi zina pabasi ndinkamva timinga tija timabwera dzanzi likamatha.

Ndinafunsa mpongozi wanga kuti "adzabwera kunyumba" amati chiyani. Anati dia pulang, ukafuna uwonjezere liwu la mawa, besok. Ine besok sindinkamuwonjezera. Ndinkaopa. Ndinkangoti dia pulang, dia pulang, pokwera masitepe, potsuka mbale. Tsiku lina ndinadzimva ndikulinena pa chuni cha kolasi ija.

Ndipo anabweradi. Tinamutenga pa takisi, atakulungidwa m'chitenje changa pamwamba pa zovala zaubweya. Loweruka lotsatira nyumba inadzaza, nsapato mulu pakhomo. Anthu ankandiyang'ana ine, kudikira. Ndinatsegula pakamwa, theka lija la nthungululu linatuluka lopyapyala, losasa, ngati chitseko cha dzimbiri. Mnzanga wa ku Zambia analilandira m'mwamba nalimaliza.

Anabwera iyeyo, atasinthanitsa shifiti. Anabwera abusa ndi amayi busa kuchokera ku Bolton. Anabwera amayi a kwaya, ndi mayi wina amene amaimba mokweza kuposa onse koma mosemphana. Anabwera achimwene a malemu amuna anga kuchokera ku Hull, ndi ana awo amene ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Anabwera atsikana a ku Indonesia anzake a mpongozi wanga, atanyamula mpunga wachikasu woumba ngati chulu, ndipo palibe anaukhudza mpaka ine nditatapa. Anabwera nesi wamtali, atavala zake zakunyumba, sitinamuzindikire msanga. Anabwera agogo achizungu a khomo loyandikana, ndi tisokosi toluka okha. Anabwera mwini sitolo ya chinangwa. Ndipo anabwera asebele anga, pafoni, titawatsamiritsa pachitini cha shuga, mbale yawo ili pamiyendo kwaoko, akudikira kuti ine ndiyambe.