Chinkhwe cha Malemu Amuna Anga

Tsiku logawa katundu wa malemu amuna anga, abale awo anasesa nyumba yathu ya ku Kabwata, mu Lusaka, ngati akusamuka ndiwo. Firiji, mipando, masuti, ngakhale lumo lometera ndevu. Chinatsala ndi chinkhwe chokha, ndipo musaganize kuti anandimvera chisoni, ayi. Chitaona manja ambirimbiri chinauluka n'kukatera pamwamba pa katani. Mng'ono wa malemu, mlamu wanga wa ku Chelstone, anakwera pampando kuti achigwire, chinamuluma chala mpaka magazi chuchuchu. Anatsika akutukwana.

Mbalame imeneyi imatsokomola ngati mwini wake, imandiitananso ndi mawu ake enieni: "Amake mwana, tiyi!" Ndikamva zimenezo m'mawa nyumba imakhala ngati muli munthu. China chilichonse akanatenga, koma ichi ayi.

Patapita miyezi ingapo chinatulukira pawindo n'kukakhala pa waya wa magetsi. Ndinaima pansi ndi mtedza m'manja, ndikuchinyengerera ngati wamisala. Chinatsika chokha dzuwa litapendeka. Sindikudziwa anakauza mlamu wanga ndani, koma Loweruka lomwelo anatulukira, atanyamula buledi ndi shuga. Munthu amene sanapondepo pakhomo panga chigawireni katundu!

"Ba mulamu," anatero, mawu ali ofewa, "ka nyoni aka kazakuthawani. Tikadule chabe mapiko. Sikamvela kuwawa, ni monga kudula zikhadabo."

Buledi ameneyu ndinamuyang'ana kawiri. Chikondi chimenechi chayamba liti? Komabe zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndikachisiya ndi mapiko, tsiku lina chidzapita osabwerera. Ndikachidula, aliyense angathe kuchitola ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Sabata yonse ndinkangochiyang'ana chikamadzikonza nthenga, osadziwa chochita.

Loweruka lotsatira anabweranso, sizasi ili m'thumba la malaya. Ndinali nditagonja. Ndinachikulunga m'thawulo, chikunjenjemera, iye n'kutambasula phiko limodzi. Kenaka anati, "Bweletsani nyuzipepala, nthenga zingamwazike."

Manyuzipepala akale ndimasunga pakhonde. Ndinatuluka nacho chinkhwecho m'manja, chifukwa kumusiyira sindikanayerekeza. Kuseri kwa chitseko, pansi pa jekete lake, panali katoni. Yatsopano bwino, yobooledwa timabowo m'mbali, chingwe chili pamwamba.

Ndinabwerera m'nyumba, n'kumasula thawulo. Chinkhwe chija phururu, pamwamba pa katani.

"Ah ah, ba mulamu, mwachita bwanji manje?"

"Katoni ili panjayi ndi ya chiyani, alamu?"

Anaseka kuseka kopanda mano. Akuti ndi ya anapiye, ati akagula ku City Market pobwerera. Anapiye! Munthu wokhala pa fulati yapamwamba, wopanda ngakhale khola. Mwina ankanena zoona, Mulungu ndiye akudziwa, ine sindinafune kuyesa. Ndinamupatsa jekete lake, sizasi yake, ndi shuga wake yemwe ndinali ndisanatsegule.

Kuchokera tsiku limenelo abale a amuna anga salankhula nane. Pa mwambo woika mwala pamanda anandidutsa ngati mtengo, mwana wanga n'kumandifunsa chimene tinalakwa. Mapiko sindinadule. Mawindo ndiwo ndinakhomera ndi misomali, onse, ndipo mwezi wa Okutobala timagona thukuta lili kamukamu, ine ndi mwana wanga.